Magazi abodza a m'mashopu a zamaphwando: gulani kachubu kamodzi, ena onse pangani nokha

Mwezi wa October ukamapita kumapeto, mashopu ogulitsa zamaphwando muno mu Harare amayala timachubu ndi timabotolo ta magazi abodza pambali pa zigoba zakumaso ndi mipeni yapulasitiki. Achinyamata athu a ku Mbare, Mufakose ndi Dzivarasekwa amene akujambula mafilimu afupiafupi pa foni, aja osereula mafilimu akale a chigawenga chobisa nkhope chimene chimapha anthu mmodzimmodzi, amafunsa kawirikawiri ngati magazi amenewa ndi oyenera kutayirapo ndalama. Tikunena pano ndi aja otchipa a m'timachubu ta pafupifupi 30 ml, osati okwera mtengo amene akatswiri a mafilimu amaitanitsa kunja.

Tiyambe ndi zabwino zake, chifukwa zilipo. Mtundu wake susintha: kachubu kamene mwatsegula Loweruka kadzaoneka chimodzimodzi Loweruka linalo, ndipo pa filimu imene mukujambula pang'onopang'ono, kumapeto a sabata okhaokha, zimenezi n'zofunika kwambiri. Sasasa ngakhale kutenthe bwanji. Mtundu wokhuthala uja wolembedwa kuti gel umakhala pamene mwauika, suyenderera, ndiye pa kabala ka pachipumi kapena m'mphepete mwa mpeni kamera ikayandikira, umagwira ntchito bwino ndithu. Kachubu kamodzi ka mtundu umenewu kakhalepo m'chikwama.

Kupitirira pamenepo mavuto amayamba, ndipo loyamba ndi khungu lathu. Werengani zolembedwa kumbuyo: ambiri ndi madzi, chokhuthalitsa, utoto wofiira, mwina ndi glycerine. Kuwala kumadutsa mwa iwo ngati mmene kumadutsira mu Mazoe ya raspberry. Pa khungu loyera kuwalako kumagunda khungu n'kubwerera, magazi n'kuoneka psuu. Pa khungu lakuda khungu limameza kuwalako, ndiye pa kamera mumangoona kamzere konyezimira ngati thukuta kapena mafuta. Mnyamata wagwa pansi, akukuwa ndi mphamvu zake zonse, koma woonera sakuona chimene chamuchitikira. Pa malaya oyera amaoneka, inde, koma akauma amasanduka pinki. Ambiri alembedwanso kuti asafike m'maso ndi m'kamwa, chonsecho mafilimu amtunduwu sachedwa kufuna munthu wolavula magazi.

Vuto lachiwiri ndi kuchuluka, ndipo apa m'pamene pagona nkhani. Filimu yoopsa yeniyeni ikhoza kuyenda ndi magazi ochepa. Halloween ya 1978, imene ambiri amaitengera, ili ndi magazi ochepa zedi. Mantha ake ali mu mdima ndi m'kudikira. Koma filimu yosereula imaseketsa ndi kupyola muyeso. Munthu wangodzicheka pang'ono chala ndi chitini cha nyemba, magazi n'kuthovoka mpaka kudenga, n'kusiya, iye n'kupuma, kenako n'kuyambiranso. Chimene chimaseketsa ndi kutalika kwa nthawi imene akutuluka komanso kubwera pamene woonera waganiza kuti zatha. Chithunzi chotere chimadya pafupifupi theka la lita nthawi iliyonse imene mwajambula, kuwerengera ndi odzaza paipi ndi othira pansi. Mukabwereza katatu, ndi lita imodzi ndi theka, kutanthauza timachubu 50. Palibe gulu la achinyamata lojambula ndi ndalama za m'thumba limene lingakwanitse zimenezo.

Akatswiri omwe akhala akudalira za kukhitchini kuyambira kale. Mu Psycho ya 1960 magazi a m'bafa anali chokoleti chamadzimadzi, popeza filimuyo inali yopanda mitundu. The Evil Dead ya 1981 inagwiritsa ntchito corn syrup (manyuchi opangidwa kuchokera ku chimanga), utoto wa zakudya ndi ufa wothira mu khofi m'malo mwa mkaka. Ufa umenewo ndiwo mfundo imene tikufuna: umachititsa kuti kuwala kusadutse, magazi n'kumaoneka pawokha osadalira khungu la pansi pake.

Kuno corn syrup amavuta kupeza, koma golden syrup ali mu supamaketi iliyonse. Tengani 500 ml ya golden syrup, muthiremo 125 ml ya madzi ofunda, mutakase mpaka zisakanikirane. M'kapu ina sungunulani masupuni aakulu awiri a cornflour (ufa woyera wosalala wokhuthalitsira msuzi, umene pano ukulowa m'malo mwa ufa wa mu khofi uja) ndi supuni yaikulu imodzi ya koko wosefa m'madzi ozizira pang'ono, zikhale ngati phala lopanda mibulu, ndipo mukatero muthire mu syrup muja. Mukathira ufa wouma mwachindunji mumakhala timibulu tosatheka kuphwanya. Kenako masupuni aakulu awiri a utoto wofiira wa zakudya, pomaliza madontho awiri a utoto wa buluu, limodzi kaye, kutakasa, kuyang'ana, kenako linalo. Buluu akapyola, zonse zimasanduka pepo ndipo kuti mukonze mudzafunika kuwirikiza zina zonse. Wachikasu musathire, golden syrup ali naye kale. Ngati wosewera ali ndi khungu lakuda kwambiri, onjezani supuni ina ya cornflour ndipo chepetsani koko ndi theka. M'mbale adzaoneka owala mopitirira, koma pa mkono ndi pa kamera adzakhala bwino. Cornflour amakhazikika pansi, choncho khutchumulani botolo nthawi iliyonse musanathire.

Amenewa ndi oyenderera pang'onopang'ono, a pankhope, pamanja ndi m'kamwa, ndipo zonse zili mmenemo n'zodyedwa. Wina akakuuzani kuti muthiremo kadontho ka Sunlight wotsukira mbale, akunena zoona: sopo amathandiza kuti magazi alowe mu nsalu m'malo mokhala timadontho pamwamba, komanso amachapika msanga. Koma a sopowo akhale m'botolo lawolawo lolembedwa zilembo zikuluzikulu, ndipo asayandikire kamwa kapena maso a munthu. M'maso musaike magazi a mtundu uliwonse, ogula kapena opanga.

Othovoka aja amafuna ena opyapyala. Gawo limodzi la osakaniza aja, magawo atatu a madzi, kuonjezera utoto wofiira chifukwa madzi amaufooketsa, kenako kusefa pa sokosi yopyapyala ya amayi kuti koko asatseke paipi. Pa bala laling'ono, sirinji ya 60 ml ndi kapaipi kopyapyala ka m'thanki ya nsomba zoweta m'nyumba zikwanira. Kapaipiko kadutse mkati mwa malaya, kamatidwe ndi pulasitala pakhungu malo atatu, kukamwa kwake kuloze kutali ndi nkhope. Dzazani paipi yonse musanayambe kujambula. Mukaiwala, choyamba kutuluka ndi mpweya ndi thovu, ndipo malaya awonongeka pachabe. Pa chigumula chenicheni gwiritsani ntchito mpope wa m'dimba wa malita 5, mutachotsa kamutu kopoperako. Ukhale watsopano. Mpope umene unalowapo mankhwala a mbewu, ngakhale muutsuke kangati, usakhudze munthu. Wogwira mpopeyo ayeserere ndi madzi okha kasanu kapena kupitirira, chifukwa nthabwala yonse ili m'dzanja lake: akatsegula msanga ndi sekondi imodzi, palibe aseke.

Opanga nokhawa ali ndi zovuta zawo, ndipo pa izi a m'shopu amawaposa. Ndi shuga, ndiye m'nyengo yotentha ino, jacaranda ali maluwa okhaokha, njuchi zimafika pasanathe nthawi, nyerere ndi ntchentche pambuyo pake. Mabotolo akhale otseka, chidebe cha madzi ndi nsanza zikhale pafupi, ndipo funsani msanga ngati pali wosewera amene thupi lake limatupa akalumidwa ndi njuchi. Zithunzi za panja zamagazi ambiri ndi bwino kuzijambula dzuwa litalowa. Osakaniza ndi madzi amasasa pakangopita masiku ochepa, botolo n'kufufuma, fungo ngati la thobwa logona. Firiji imathandiza, koma ndi kuthimathima kwa magetsi musaidalire. Pangani okwanira tsiku limenelo, ndipo lembani miyeso yanu papepala kuti a sabata yamawa adzafanane ndi a lero. Pa simenti yopolishidwa amaterera koopsa, pomwe mafilimu amenewa ndi othamangitsana. Jambulani kuthamanga konse kaye, magazi pomaliza. Akauma pa nsalu amalimba gwa, ndipo pa tsitsi la pamkono amamata mopweteka. Madzi ofunda amasungunula, osakoka.

Kuthimbirira kuli konsekonse, ogula ndi opanga omwe. Pakani Vaseline pang'ono kapena mafuta odzola pakhungu musanaike, makamaka m'zikhatho ndi m'mbali mwa zikhadabo mmene utoto umakanirira. Thovu lometera ndevu limachotsa otsalira bwino kuposa sopo wamba. Zovala musabwereke za munthu. Pitani pa kaunjika ku Mupedzanhamo mukafune malaya oyera kapena otuwa ofanana atatu. Malaya oyera a sukulu ndiwo osavuta kupeza ofanana. Zovala zakuda ndi zofiira zimabisa ntchito yanu yonse.

Kuwala nakonso kumasintha mtundu. Pansi pa getsi lachikasu la mumsewu magazi amaoneka bii ngati oyilo wa galimoto, ndipo mababu a LED oyera mopita ku buluu amawakokera ku pepo. Foni ikasiyidwa kuti izidzisankhira yokha, imasintha mtundu pakati pa chithunzi pamene zofiira zachuluka. Khazikitsani white balance ndi exposure (zosankhira mtundu ndi kuchuluka kwa kuwala pa kamera ya foni) kuti zisamasinthe zokha musanayambe, ndipo ikani getsi limodzi cham'mbali kuti kunyowa kuzinyezimira.

Pali china chimene sichikhudza magazi koma sitingachisiye. Mashopu omwewa amagulitsa zigoba, ndipo ena poona mtengo amaganiza zongotengera chigoba cha Gule Wamkulu kuti chigawenga chawo chioneke chakwathu. Chonde musatero. Gule ndi mwambo wa makolo, uli ndi eni ake muno mu Harare momwe, ndipo anthu athu anyozedwa nawo mokwanira ndi osaudziwa. Chigoba cha mu Halloween chinali chotchipa cha m'shopu chimene anangochipaka utoto woyera. Thumba la ufa loboola maso kapena chipewa cha wowotcherera zitsulo cha ku Siyaso chikhoza kukuchitirani zomwezo, n'kuseketsanso kwambiri. Chikwanje chikhale cha pulayiwudi kapena katoni yopaka utoto wasiliva, ndipo ngati mukujambula panja, dziwitsani aneba ndi apolisi a m'dera lanu tsiku lisanafike, chifukwa munthu wamagazi thupi lonse akuthamangitsidwa usiku palibe angadziwe kuti ndi sewero.

Tsiku lojambula lisanafike, itanani wosewera aliyense amene adzathiridwe magazi. Pa mkono wake ikani mizere iwiri, wa m'kachubu ndi wopanga nokha, pamalo pomwe mudzajambulire, ndi getsi lomwelo komanso foni yomweyo. Jambulani masekondi khumi, dikirani mphindi makumi awiri, mujambulenso kuti muone mmene akuonekera akayamba kuuma, ndipo muyang'anenso ngati khungu silikuyabwa. Ngati wopanga nokha ukuzimirira, onjezani cornflour theka la supuni nthawi imodzi mpaka uoneke, ndipo muyeso umenewo mulembe pambali pa dzina la wosewerayo.