Ndemanga yanga pa digiri ya uphunzitsi wa ana aang'ono: nyenyezi 4 mwa 5

Ndamaliza chaka chachitatu cha digiri ya maphunziro a mmera mpoyamba ndi a pulayimale pa koleji ina yomwe si ya boma muno mu Lilongwe. Timaphunzira Loweruka ndi Lamlungu. Alezi anzanga akhala akundifunsa ngati fizi yake sikungopita m'madzi, ndiye ndati ndilembe zomwe ndaona.

Ndisanayambe, ndinali nditagwira ntchito zaka 6 pa sukulu ya mkombaphala ku Chinsapo. Ana anga ankalakatula A mpaka Z, kuwerenga 1 mpaka 50 mokuwa, makolo n'kumasangalala. Phunziro la kakulidwe ka mwana ndi lomwe linanditsegula m'maso. Tinaphunzira za Jean Piaget wa ku Switzerland, yemwe anapeza kuti mwana wa zaka 2 mpaka 7 amaweruza zinthu potengera maonekedwe ake. Aphunzitsi athu anati tisangolemba m'kope, tikayese tokha. Lolemba lake ndinandandalika zitsekerero za mabotolo 5 pamkeka, zina 5 m'munsi mwake. Kamtsikana ka zaka 4, kamene kamafika pa 50 osapunthwa, kanati mizere yonse ndi yofanana. Ndinatalikitsa zitsekerero za m'munsi iko kakuona, n'kufunsa kuti zambiri ndi ziti. Kanaloza za m'munsi, kosakayika n'komwe. Zinandikhudza kwambiri. Mwanayo ankaimba manambala ngati nyimbo, koma tanthauzo la 5 linali lisanakhazikike m'mutu mwake. Kuyambira tsiku limenelo, kwathu timawerenga ndi zinthu zogwira m'manja: miyala, zitsononkho, nthanga za bwemba.

Phunziro la TALULAR, lopanga zipangizo zophunzitsira kuchokera ku zinthu zopezeka pamalo, lokha ndingalipatse nyenyezi zonse 5. Tinaumba malembo ndi dongo, tinasoka zidole ndi zigamba zotola kwa atelala, makatoni otayidwa mumsika tinawasandutsa makadi a maphatikizo. Pa kaphunzitsidwe ka kuwerenga anatiyendetsa bwino m'njira ya National Reading Programme yomwe boma linayamba mu 2016: mwana ayambe wamva liwu, kenako aone lembo, kenako aphatikize ma, me, mi, mo, mu. Mayi amene ankatiphunzitsa zimenezi anaphunzitsapo sitandade 1 zaka zambiri, ndipo zinkaoneka. Ankagwada pansi potionetsa momwe ungalankhulire ndi mwana maso ndi maso.

Nyenyezi imodzi ndachotsa chifukwa cha izi. Mabuku ambiri amene timawerenga ndi a ku America ndi ku Britain, ndipo amakamba za kalasi ya ana 20 okhala pamipando, aliyense ndi pensulo yake. Za Maria Montessori ndi sukulu yake ya ku Rome ya mu 1907 ndazilemba pa mayeso kawiri konse. Koma pa TP (nthawi yokayeserera kuphunzitsa pasukulu) ndinapatsidwa sitandade 1 ya ana 112, okhala pansi, ena atabwera osadya kanthu. Chiyambire maphunziro aulere a pulayimale mu 1994, makalasi odzaza chonchi si achilendo m'Malawi muno, ndiye n'chifukwa chiyani palibe phunziro ngakhale limodzi lokamba za kayendetsedwe ka kalasi yotere? Kugawa ana m'magulu ndi kuwakhazika chete ndi nyimbo ndinaphunzira kwa mayi ena achikulire a pasukulupo, osati ku koleji. Wodzandiyendera wochokera ku koleji anabwera kamodzi kokha teremu yonse, anakhala mphindi 30.

Zina ndi zazing'ono koma zimapweteka m'thumba. Manotsi amabwera pa WhatsApp, ndiye bandulo isakuthereni. Laibulale imatsekedwa Lamlungu, tsiku lomwe ife timakhala pomwepo. Fizi inakwera pakati pa chaka popanda kutichenjeza, ndipo zotsatira za semesita yatha tinadikira miyezi 4.

Ngati mumagwira kale ntchito ndi ana, maphunzirowa akuthandizani msanga, chifukwa zomwe mwamva Loweruka mumakaziyesa Lolemba. Musanapereke ndalama iliyonse, fufuzani ku National Council for Higher Education ngati pulogalamuyo ndi yovomerezeka, ndipo mufunse kolejiyo kuti pa TP adzakuyenderani kangati.