Mafuta oyeretsa, kapena Vaseline pamodzi ndi mafuta oteteza ku dzuwa?

Amayi anzanga, foni yatizoloweretsa nkhope imene si yathu. Chithunzi chimatuluka chowala, chosalala, ndiye ukadziona pagalasi mtima umakana. Ine n'chimene chinandipititsa pamsika kukagula kachubu ka mafuta oyeretsa, ndipo pasanathe milungu itatu anthu ankandifunsa kuti ndikudzola chiyani.

Pa changu, mafuta oyeretsa alibe mnzake. Ambiri amakhala ndi mankhwala otchedwa hydroquinone amene amaletsa khungu kupanga melanin, chinthu chimene chimalichititsa kukhala lakuda, ena mankhwala amphamvu a steroid monga clobetasol, ena mpaka mercury. Koma melanin yemweyo ndi amene amatitchinjiriza ku dzuwa. Itakwana miyezi isanu, ndikakwera kabaza masana nkhope inkaotcha ngati ndapaka tsabola. Timitsempha tinayamba kuonekera m'masaya, ziphuphu zinabuka, mfundo za zala zinatsala zakuda bii pamene dzanja lonse layera. Steroid amapyapyalitsa khungu, kabala kakang'ono n'kumachedwa kupola. Hydroquinone ukamudzola nthawi yaitali amasiya mawanga akuda amene madokotala amawatcha ochronosis, ndipo kuwachotsa n'kovuta kwambiri. Mercury ndiye amandiopsa koposa, chifukwa amawononga impso ndipo amafika kwa mwana amene ali m'mimba. Dziko la South Africa linaletsa hydroquinone m'zodzoladzola mu 1990, ndipo Rwanda nayo inachotsa mafuta oterewa m'mashopu.

Vaseline sasintha mtundu wa munthu. Ntchito yake ndi kutsekera chinyezi m'khungu basi, n'chifukwa chake amagwira bwino ukadzola utangosamba, thupi lisanaumiretu. Mu June ndi July, mphepo ya mwera ikamatuwitsa miyendo ndi kung'amba zidendene, palibe chimene ndachiona chomuposa, mtengo wakenso ndi wofikirika. Mu October amalemera pankhope, fumbi limamatirira, ndipo amene mumavutika ndi ziphuphu ndi bwino kumadzola m'thupi mokha. Dzuwa satchinga ngakhale pang'ono.

Pamenepo pamafunika mafuta oteteza ku dzuwa. Olembedwa SPF 30 (nambala yosonyeza mphamvu yake yoteteza) amatchinga pafupifupi 97 peresenti ya cheza cha dzuwa chootcha khungu chotchedwa UVB, ndipo amathandiza kuti zipsera za ziphuphu zisaderedere. Vuto ndi mtengo. Amafunika kubwereza pakatha maola awiri ngati muli panja, ndipo ena amasiya nkhope yambuu pa khungu lakuda. Ndalama zikavuta, chipewa chachikulu ndi ambulera zimathandiza ndithu.

Ine ndinasankha Vaseline m'thupi ndi SPF 30 kumaso. Koma chonde, ngati mwadzola mafuta a steroid kwa miyezi yambiri, musasiye mwadzidzidzi monga ndinachitira ine. Nkhope inafiira, inayabwa, inasupuka kwa milungu. Tengani kachubuko mupite nako kuchipatala, adokotala aone zimene zalembedwapo ndi kukuuzani mosiyira pang'onopang'ono. Mawanga awiri ali patsaya langa lakumanzere mpaka lero.