Makapusozi a vitamini D3 a 1,000 IU: zimene ndaona nditamwa kwa miyezi isanu ndi umodzi

Ndinayamba kumwa makapusozi amenewa mu Okutobala chaka chatha, adokotala a pa kiliniki yathu kuno ku Leeds, mzinda wa ku Britain, atandiyeza magazi n'kupeza kuti vitamini D m'thupi mwanga anali pakati pa 25 ndi 50 nmol/L (muyeso wa kuchuluka kwake m'magazi), mlingo umene amati ndi wosakwanira ngakhale kuti sunafike poipitsitsa. Sindinadabwe kwenikweni. Ndimagwira ntchito ya usiku m'nyumba yosamalira okalamba, masana ndimakhala ndili m'tulo makatani ali chitsekere, komanso khungu lakuda ngati langali limafuna dzuwa lochuluka kuti lipange vitamini wofanana ndi amene khungu loyera limapanga. Kuyambira Okutobala mpaka Malichi dzuwa la ku Britain limakhala lofooka moti khungu silipanga vitamini wokwanira, n'chifukwa chake a NHS, bungwe la boma loona za umoyo kuno, amalangiza anthu kumwa mamaikulogalamu 10 tsiku lililonse m'miyezi imeneyi, ndipo kwa ife akhungu lakuda amati ndi bwino kumwa chaka chonse. Kwathu ku Dedza kumazizira ndithu, koma sindinaganizepo kuti tsiku lina ndidzagula m'botolo chinthu chimene dzuwa linkandipatsa ulele ndili kumunda.

Makapusoziwa ndi aang'ono ngati njere ya nandolo, ali ndi mafuta m'kati, sanunkha ndipo savuta kumeza. Popeza vitamini D amalowa bwino m'thupi akamwedwa ndi chakudya cha mafuta, ndimamwa kapusozi mmodzi madzulo ndikangomaliza nsima, ndisanathamangire basi ya kuntchito. Mtengo wake ndi wotsika, ndipo botolo limodzi landikwanira nyengo yonse yozizira.

Zondidandaulitsa zilipo ziwiri. Kutsogolo kwa botolo analemba 1,000 IU (IU ndi muyeso wina wa kuchuluka kwa vitamini) ndi zilembo zikuluzikulu, pamene mawu oti mamaikulogalamu 25 anawabisa kumbuyo m'tizilembo tofunika magalasi, chonsecho malangizo ambiri a boma amatchula mamaikulogalamu. Mnzanga wina wa kuntchito ataona nambala 1,000 anachita mantha, n'kumati ndikumwa mankhwala ochuluka maulendo 100 kuposa ovomerezeka, mpaka ndinachita kumuwerengera kuti maikulogalamu imodzi ndi 40 IU. Chachiwiri, botolo nditalisiya pa shelefu ya pafupi ndi chitofu, makapusozi anamatana ngati masiwiti oiwalika m'thumba, ndipo ndinkachita kuwalekanitsa ndi chala. Kulakwa kunali kwanga, koma chenjezo loti asungidwe pozizira nalonso lili m'tizilembo tomweto.

Chimene chinandigulitsa makapusoziwa mwachangu si mafupa ayi, koma nkhani imene inafala nthawi ya COVID-19, yoti anthu amene vitamini D ali wochepa m'magazi mwawo ndi amene amadwala kwambiri matenda a m'mapapo obwera ndi mavairasi. Nkhaniyi ili ndi pogwira. Mu 2017 magazini ya zachipatala ya BMJ inasindikiza ntchito ya Pulofesa Adrian Martineau wa ku Queen Mary University of London ndi anzake, amene anaphatikiza zotsatira za mayeso 25 okhudza anthu pafupifupi 11,000. Iwo anapeza kuti kumwa vitamini D kunachepetsako pang'ono chiopsezo chodwala chimfine ndi chifuwa, ndipo phindu linaonekera kwambiri kwa amene anali pansi pa 25 nmol/L n'kumamwa tsiku lililonse kapena mlungu uliwonse, osati mlingo waukulu wa kamodzin'kamodzi. Komatu mu 2022 gulu lomwelo linatulutsa zotsatira za kafukufuku wa CORONAVIT, wa anthu 6,200 a kuno ku Britain, amene sanapeze kuti kuyeza anthu n'kuwapatsa vitaminiyu kunachepetsa matendawa kapena COVID-19. Ku Brazil nako, odwala COVID-19 ogonekedwa m'chipatala amene anapatsidwa 200,000 IU nthawi imodzi sanatuluke msanga kuposa anzawo.

Zimenezi zimandimvekera ndikayang'ana agogo amene ndimawasamalira. Munthu wokalamba, wosatuluka panja, kapena wodwaladwala amakhala ndi vitamini D wochepa, ndipo ndi yemweyonso amene chibayo chimamugwetsa msanga, kotero kuchepa kwa vitamini kumatha kukhala chizindikiro cha thupi lofooka kale, osati gwero la kudwala kwakukuluko.

Ineyo chimfine sichinandilambalale. Mu Febuluwale chinandigoneka masiku anayi, thupi likutentha, ndipo chifuwa chinapitirira kwa milungu iwiri. Chinali chopepukirapo poyerekeza ndi cha chaka cham'mbuyo, koma chaka chino ndinabayitsanso katemera wa fuluwenza, ndiye kungakhale kukondera kuyamikira makapusozi okha. Chimene ndingachitire umboni ndi chakuti nditayezetsanso magazi mu Malichi mlingo unali utadutsa 50 nmol/L, ndipo kuphwanya kwa miyendo kumene ndinkamva ndikaweruka m'mawa kwachepa.

Ndikupereka nyenyezi zinayi mwa zisanu, ndipo imodziyo ndachotsa chifukwa cha kalembedwe ka pa botolo. Amene akufuna kugula asapyole mamaikulogalamu 100 patsiku, omwe ndi 4,000 IU, chifukwa vitamini ameneyu amasungika m'thupi ndipo akachulukitsa kwa nthawi yaitali amakweza kashiamu m'magazi, zimene zimatha kuwononga impso ndi mtima. Amene ali ndi vuto la impso ayambe afunsa adokotala. Botolo lachiwiri ndagula kale, ndipo ili ndikulisunga m'dilowa ya kuchipinda.