Fyuluta ya cone, paipi yaitali kapena bokosi la kufakitale: pa galimoto yakale kuno ku Lusaka ndingaikepo chiyani?

Anzanga a ma Corolla, RunX, Allex ndi Spacio akhala akundifunsa mobwerezabwereza za cold air intake, chida chokokera mpweya wozizira kulowa mu injini. Magalimoto awo ndi aja analowera ku Nakonde kuchokera ku Japan zaka zapitazo, ayenda kokwanira, ndipo mwini wake wayamba kumva kuti ikulemera akafuna kupitirira thiraki pa Kafue Road. Ndiye funso limakhala lakuti, ndigule iti? Njira zilipo zinayi, ndipo ndinene poyera kuti imodzi mwa izo ndili nayo chakukhosi.

Mzinda wathu uli pamtunda wa mamita pafupifupi 1,280 kuchokera pa nyanja yamchere. Mpweya wa kuno ndi wopepuka, ndipo injini yopanda turbo imataya mphamvu pafupifupi 3 peresenti pa mamita 300 aliwonse omwe yakwera. Ndiye kuti 1NZ-FE, injini ya malita 1.5 yomwe ili m'magalimoto ambiri amenewa, yomwe ku Japan inalembedwa kuti imatulutsa mahatchi 110 (110 PS) kapena pafupi pamenepo, ikangofika kuno yataya kale mahatchi oposa khumi isanakalambe n'komwe. Palibe paipi yonyezimira yomwe ingabweze mphamvu imeneyo. Chomwe munthu angasinthe ndi kutentha kwa mpweya wolowa mu injini: ukazizira ndi madigiri atatu umalemera ndi 1 peresenti, ndipo okosijeni wowotchera petulo amachulukanso chimodzimodzi. Nzeru yonse ya cold air intake yagona pamenepo. Choncho chinthu chilichonse chomwe akukugulitsani muchifunse funso limodzi: kodi chikoka mpweya wozizira kuposa bokosi la fyuluta lomwe linabwera ndi galimoto? Musaiwale kuti bokosi la kufakitale lili kale ndi kapaipi kake kokokera mpweya kutsogolo, cha kunyali, kutali ndi kutentha kwa injini.

Yoyamba ndi fyuluta ya cone pa kapaipi kafupi, ija yapachikidwa m'mashopu ambiri a ma spare m'tauni, yofiira kapena yabuluu, pabokosi polembedwa kuti universal, kutanthauza yolowa pa galimoto iliyonse. Imeneyi si cold air intake ngakhale pang'ono. Imakhala mkati mwa boneti, kuseri kwa radiyeta yomwe madzi ake amapitirira madigiri 80, ndipo fani ikayamba kuzungulira imaiuzira mpweya wotentha womwewo. Imani pa mzere wa magalimoto pa Great East Road pakati pa Manda Hill ndi Arcades masana a Okutobala, kenako mutsegule boneti muike dzanja pafupi ndi cone. Mpweya umene mukuumvawo ndi umene injini ikupuma. Pa 1NZ-FE sensa yoyeza kutentha kwa mpweya ili mkati mwa MAF momwemo, sensa yoyeza kuchuluka kwa mpweya wolowa mu injini, ndipo kompyuta ikaona kutentha kotere imachedwetsa moto wa mapulagi pofuna kuteteza injini. Galimoto imalira kwambiri koma ikukoka mofooka kuposa kale.

Ine inandipweteka pa RunX yanga, ndipo chinandipweteka kwambiri si kutenthako ayi. Wogulitsa anandilonjeza kuti ilowa bwinobwino, ndipo mnyamata wake andiikira pompo. Zomwe sananene n'zakuti universal sikutanthauza kuti ili ndi malo a MAF. Pa magalimoto amenewa MAF imamangidwa pa chivindikiro cha bokosi la fyuluta, mu paipi yomwe kukula kwake Toyota inayeza mwadala. Sensayo siyeza mpweya wonse. Ili ndi kawaya kotentha komwe kamamva kampweya kochepa kodutsa pa iko, kenako kompyuta imawerengera wonsewo podziwa kukula kwa paipi. Mukaika sensa yomweyo mu paipi yokulirapo, mpweya umadutsa pang'onopang'ono, sensa imauza kompyuta kuti walowa wochepa, kompyuta n'kupereka petulo wochepa. Sensa ya ku ekizosi imaona kuti petulo wachepa poyerekeza ndi mpweya, imapempha kuwonjezera, ndipo kompyuta ikawonjezera mpaka pa malire ake imayatsa nyali ya check engine. Khodi yake ndi P0171. Yanga inayaka sabata lomwelo, injini n'kuyamba kunjenjemera pa idle, ndikaima pa maloboti.

Nditabwerera, ndalama zinayamba kutuluka pang'onopang'ono. Adaputa ya MAF inali yogula payokha. Malabala olumikizira mapaipi ndi zomangira zake, payokha. Kapaipi kochokera pa chivindikiro cha injini, komwe kamayenera kulowa mu paipi ya mpweya kuseri kwa MAF, anali atangokasiya lende, ndiye kuti mpweya wosayezedwa ndi fumbi zinali ndi njira yawoyawo. Kukonza pamenepo, ndalama inanso. Kuonetsa galimoto pa makina owerengera makhodi, inanso. Zonsezi pamodzi zinaposa mtengo wa cone ija. Koma chomwe sindidzaiwala ndi bokosi langa. Nditanena kuti basi, bwezerani momwe zinalili, anandiuza kuti bokosi la kufakitale analitaya chifukwa linalibenso ntchito. Paipi ya labala yochokera ku throttle, kachitseko ka mpweya komwe kamatseguka mukaponda moto, anali ataidula kuti igwirane ndi yawo. Ndinakagula bokosi lina ndi paipi yake kwa ophwasula magalimoto, zinthu zomwe ndinalowa nazo pa shopu paja zili zabwinobwino. Chonde anzanga, aliyense amene akuvula bokosi la fyuluta pa galimoto yanu, muimirire pomwepo, mulinyamule nokha mukaliike mu buti, pamodzi ndi timabauti take ndi tizipanira take tonse. Ndipo musalole mpeni kuyandikira paipi ya labala.

Eni ma Corolla akale kwambiri, AE100 ndi AE110 a injini ya 5A-FE, kapena AE101 ndi AE111 a 4A-FE, vuto la MAF ili silikukhudzani, chifukwa injini zimenezo zimayeza mpweya ndi sensa ina yotchedwa MAP, yoyeza kupanikizika kwa mpweya mu manifold, mapaipi ogawira mpweya ku masilinda. Kutentha ndi fumbi zokha n'zomwe zikukudikirani.

Fumbi ndiye nkhani yomwe ogulitsa salankhulako. Kuyambira Ogasiti mpaka mvula itagwa, aliyense wokhala ku Chalala, Makeni, Lilayi kapena kulikonse komwe phula limathera pa msewu waukulu amadziwa momwe dashibodi imaonekera madzulo. Fumbi lathu ndi losalala, ndipo likadutsa fyuluta limasakanikirana ndi oyilo n'kumapala makoma a silinda ndi maringi a pistoni tsiku ndi tsiku. Injini yatsopano ingapirire kwa kanthawi. Injini yoti yayamba kale kumwa oyilo pang'ono ilibe poyambira kupirira. Fyuluta ya cone yotere imalola mpweya wambiri kudutsa chifukwa mabowo ake ndi aakulu, ndipo m'mabowo momwemo ndi momwe fumbi limadutsira. Pali muyezo woyesera mafyuluta wotchedwa ISO 5011, ndipo makampani odzilemekeza amanena kuchuluka kwa fumbi lomwe fyuluta yawo imagwira. Ma cone opanda dzina aja, kuphatikizapo omwe amamatidwa zilembo za makampani otchuka mwachinyengo, alibe chiwerengero chilichonse. Yang'anitsani imodzi padzuwa muone kuwala komwe kukudutsa. Mukakhala nayo kale pa galimoto, vulani paipi mupititse chala mkati. Chikatuluka ndi fumbi, dziwani kuti lina ladutsa kale mu injini.

Yachiwiri ndiyo cold air intake yeniyeni, paipi yaitali yotsika mpaka kuseri kwa bampa, fyuluta n'kukhala kunja kwa chipinda cha injini. Iyi ndimailemekeza chifukwa imachita zomwe dzina lake likunena, mpweya umalowadi wozizira. Ikakhala yopangidwira galimoto yanuyo, ndi malo a MAF oyezedwa bwino, ingawonjezere mahatchi owerengeka injini ikamazungulira mothamanga kwambiri. Koma 1NZ-FE imatulutsa mphamvu yake yonse pa 6,000 rpm, ndipo kuchoka ku Chelstone kupita m'tauni m'mawa singano sifika ndi theka lomwe. Phazi likakhala kuti langokhudza pang'ono, chomwe chimatsekereza mpweya ndi throttle, osati fyuluta. Zoti mudzapulumutsa petulo musazimvere, kompyuta imasunga muyezo wake wa mpweya magawo 14.7 pa gawo limodzi la petulo, fyuluta ikhale ya mtundu wanji.

Chondiletsa kuilangiza kwa anthu ambiri ndi madzi. Lusaka ndi yachidikha, ndipo mvula ya Januwale ikagwa usiku wonse, Kanyama, Chawama, Misisi, John Laing ngakhale m'tauni mwenimweni cha ku Kulima Tower misewu imasanduka madambo. Fyuluta ya paipi yaitali imakhala pafupi ndi pakati pa tayala. Minibasi ikadutsa pambali panu n'kukankha funde, fyuluta yamira. Madzi sapanikizika ngati mpweya. Silinda imodzi ya 1NZ-FE ndi 374 cc, ndipo pa compression ya 10.5 malo otsala pistoni ikafika pamwamba sakwana 40 cc. Madzi okwana masupuni aakulu atatu akalowa mu silinda imodzi, pistoni ilibe kopita, con rod, chitsulo chogwira pistoni, imapindika kapena kuthyoka n'kuboola buloko. Pamenepo tikukamba zogula injini ina. Kampani ya AEM inapanga valavu yoikidwa pamwamba pa paipi kuti fyuluta ikamira mpweya ulowere pamenepo, ndipo ena amavala kansalu kotchinga madontho pa fyuluta, koma kansaluko sikathandiza fyuluta itamira yonse. Ngati njira yanu ya tsiku ndi tsiku imadutsa m'madzi, iyi muiwale.

Palinso nkhani yoitanitsa kunja. Zida zambiri za mayina odziwika zinapangidwira magalimoto a ku America, a chiwongolero chakumanzere ndi injini zina. Ngakhale za ku Johannesburg muchenjere nazo: RunX ya ku South Africa inali ndi injini za mtundu wa ZZ, pomwe zambiri zathu zochokera ku Japan ndi za 1NZ. Dzina pa buti ndi limodzi, pansi pa boneti n'zosiyana. Pa mtengo womwe mwauona pa intaneti muwonjezerepo zonyamulira, msonkho wa ZRA, bungwe lotolera misonkho ku Zambia, ndi VAT ya 16 peresenti.

Yachitatu ndi fyuluta yotsuka yolowa mu bokosi lanu lomwelo, monga za K&N ndi BMC zomwe ndi za thonje lopakidwa mafuta, kapena AEM Dryflow yosafuna mafuta. Simudula kanthu, MAF imakhala pamalo pake, mpweya umachokera komwe unkachokera, ndipo madzi sakuopsezani kuposa kale. Yeniyeni imakhalitsa zaka. Ntchito yake ili pa kutsuka: pamafunika mankhwala ake ndi mafuta ake, imafunika iume yokha bwinobwino, ndipo mafutawo apakidwe mwa muyezo. Akachuluka amatha kufika pa kawaya ka MAF, akachepa fumbi limadutsa. Musaipereke kwa anyamata otsuka magalimoto kuti aipopere madzi amphamvu kapena mpweya wa kompuresa, thonje limang'ambika osaoneka ndi maso. Kwa munthu wosamala, woyenda pa phula nthawi zambiri, iyi ndingavomere. Kwa wa msewu wafumbi ndimakayikabe.

Kulira kwake ndimakumvetsa, ndipo sindinyoza munthu wokukonda. Cone ndi paipi yaitali zimalira mokoma ukaponda, chifukwa zimachotsa kabokosi kopha phokoso komwe Toyota inaika pa njira ya mpweya. Ngati ndicho mukufuna, nenani choncho mumtima mwanu, musamati mukugula mphamvu. Mwini Altezza RS200, yomwe injini yake ya 3S-GE imazungulira kupitirira 7,000 rpm, ali ndi chifukwa chomveka choganizira paipi yabwino, bola fyuluta itchingidwe ndi chitsulo kapena bokosi lotsekeka kuti isapume kutentha kwa injini. Eni Subaru ya turbo asasinthe kanthu pa njira ya mpweya popanda wodziwa kukonza kompyuta yake.

Yachinayi ndi yomwe ili pa galimoto yanga lero ndipo sindikuichotsanso: bokosi la kufakitale ndi fyuluta yabwino ya pepala, ya Toyota yeniyeni kapena ya Denso. Imagwira fumbi losalala bwino kwambiri, ndi yotsika mtengo, ndipo kuisintha sikufuna sipanala. M'nyengo ya fumbi ndimaiyang'ana pafupipafupi osadikira tsiku la sevisi, ikada ndimataya, sindiipopera mpweya. Galimoto yakale ikamalemera, kawirikawiri vuto silikhala kapangidwe ka bokosi. Yambani mwapinda paipi ya labala ija ndi manja muone ngati m'makwinya mwake mulibe ming'alu, chifukwa labala wa zaka makumi awiri amauma. Onani ngati tizipanira ta chivindikiro tonse tilipo ndipo chikutseka mothina, komanso ngati kapaipi kokokera mpweya kutsogolo sikanagwe pa ngozi ina yakale. MAF itsukidwe ndi mankhwala ake enieni opopera, osakhudza kawaya ndi chala kapena nsalu, ndipo osagwiritsa petulo. Throttle itsukidwe, mapulagi asinthidwe ngati nthawi yawo yakwana. Mukapita kwa amakaniko, apempheni akuonetseni pa makina manambala a fuel trim, osonyeza petulo amene kompyuta ikuwonjezera kapena kuchepetsa, injini ili pa idle. Akakhala pafupi ndi ziro, njira ya mpweya ili bwino, ndipo kulemera kwa galimoto mukakufufuze ku pampu ya petulo, ma injector kapena ekizosi yotsekeka.