Miyezi 9 makina akundisankhira mabuku

Papita miyezi 9 chiyambireni kudalira mapulogalamu kuti azindiuza buku loti ndiwerenge, ndipo chidwi cha masiku oyamba chija chinazirala kalekale. Ndimakonda science fiction, nkhani zopeka za sayansi, zam'tsogolo ndi zam'mlengalenga, komanso fantasy, zija za matsenga ndi maiko oti kulibe. Vuto langa linali lakuti ndikamaliza buku lokoma ndinkatha sabata ziwiri ndikungosanthula mitu, osagwira lililonse.

Mndandanda wa mabuku omwe ndinawerenga unali pa Goodreads, webusaiti yomwe owerenga amalembapo mabuku omwe awerenga, yomwe inayamba mu 2007 ndipo Amazon inaigula mu 2013. Ndinautulutsa ngati fayilo n'kukaulowetsa pa The StoryGraph, pulogalamu ina ya owerenga mabuku yomwe anayambitsa Nadia Odunayo mu 2019. Kupatula apo ndinkalandiranso malingaliro kuchokera ku sitolo ina ya pa intaneti komwe ndimagula mabuku, ndiponso ndinkafunsa chatbot ya AI, pulogalamu ya nzeru zopangidwa ndi anthu yomwe umailembera funso iyo n'kukuyankha ngati munthu.

Ya sitolo ija sindichedwapo. Imayendera mfundo ya "amene anagula ili anagulanso ili". Imakuika m'gulu la anthu ofanana nawe n'kukupatsa zomwe gululo linakonda, osadziwa chifukwa chomwe aliyense anakondera. Ndiye buku lomwe lagulidwa ndi anthu ambiri limatulukira paliponse, ndipo potulukira paliponsepo limagulidwanso kwambiri. Mwezi wachitatu ndinagulira mwana wa mchemwali wanga mabuku awiri a ana onena za zinjoka zouluka. Basi, ndinaziputa. Kwa sabata zingapo sindinaone china koma zinjoka, ndipo mpaka lero imaganizabe kuti m'nyumba muno muli mwana wa zaka 10. Nthawi zina inkandipatsa gawo lachinayi la nkhani yomwe gawo loyamba sindinaliyambe, kapena buku lomwe ndinawerenga kale koma lasintha chikuto.

The StoryGraph ndiyo yandithandiza mosalekeza, ndipo chifukwa chake ndachimvetsa mochedwa. Kumeneko owerenga sangopereka nyenyezi zosonyeza mmene buku lawakomera. Amanenanso ngati buku ndi lachisoni, lopatsa chiyembekezo, lochititsa mantha kapena loseketsa, ngati limathamanga kapena limayenda mwachifatse, komanso ngati mphamvu yake ili pa zochitika kapena pa anthu a m'nkhanimo. Pa science fiction zimenezi n'zofunika kwambiri, chifukwa mabuku awiri akhoza kukhala onse ndi zombo zam'mlengalenga koma lina n'kukhala la nkhondo kuyambira tsamba loyamba, linalo la anthu asanu okhala m'chombo akukangana za amene aphike. Ine ndine wa lachiwirilo, ndipo sindinkadziwa mpaka nditaona chithunzi cha kawerengedwe kanga chikusonyeza kuti mabuku omwe ndinawapatsa nyenyezi zambiri pafupifupi onse ndi oyenda pang'onopang'ono. Ndinachita manyazi pang'ono, poti kwa zaka ndinkauza anzanga kuti ndimakonda nkhani zothamanga.

Koma zinayamba kuyenda bwino nditasiya ulemu. Poyamba buku lililonse ndinkalipatsa nyenyezi 4 kapena 5, ngakhale londitopetsa, pomvera chisoni wolemba. Pulogalamu ingadziwe bwanji chomwe ukudana nacho ngati chilichonse ukuchiombera m'manja? Nditayamba kupereka 2 pomwe pakuyenera 2, n'kumalemba poyera mabuku omwe ndinasiyira panjira, malingaliro ake anasintha pasanathe mwezi. Mabuku omwe ndinawataya ndiwo anaiphunzitsa za ine kuposa omwe ndinawamaliza.

Tsono chatbot. Imeneyi ndi yokoma kucheza nayo, ndipo pali china chomwe imatha chomwe enawo sangathe: umailongosolera chomwe mtima ukufuna m'mawu ako. Ndinailembera kuti ndikufuna nkhani ya chombo chomwe ulendo wake ukutenga mibadwo yambiri, yopanda nkhondo, yomwe adzukulu akufunsa chifukwa chomwe agogo awo anawasankhira moyo wotere. Inandipatsa mitu isanu, uliwonse ndi chifukwa chake. Atatu anali mabuku abwino ndithu, limodzi ndinaliwerenga usiku wonse. Lachinayi linali la nkhondo yokhayokha. Lachisanu ndilo linandikoka mtima kuposa onse, wolemba wake wodziwika, mutu wake wokongola. Ndinalisaka masiku awiri. Kulibe. Wolembayo alipodi, koma buku limenelo sanalembepo. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Si ine ndekha amene zinandigwera. Mu 2025 nyuzipepala ya Chicago Sun-Times inasindikiza mndandanda wa mabuku 15 oti anthu awerenge, ndipo 10 mwa iwo anali oti kulibe, opekedwa ndi AI koma omatidwa maina a olemba enieni. Chimachititsa n'chakuti chatbot, ikakhala kuti siikufufuza pa intaneti, siyang'ana m'kaundula wa mabuku. Imalumikiza mawu omwe amaoneka kuti amayendera limodzi, ndipo mutu wabodza umatuluka mosalala ngati weniweni. Panopa mutu uliwonse ndimayamba ndautsimikiza pa ISFDB, kaundula wa pa intaneti wa mabuku a science fiction ndi fantasy yemwe wakhalapo kuyambira 1995, kapena pa WorldCat, kaundula wa mabuku a m'malaibulale a m'maiko ambiri. Ndi ntchito ya mphindi imodzi. Chinanso, musaifunse kuti "ndingalikonde chifukwa chiyani" musanaichenjeze kuti isaulule mathero. Ine inandiuza amene amafa kumapeto, mwaulemu wake wonse.

Chomwe chikundivutabe pa zida zonsezi n'chimodzi. Zimaona buku lomwe anthu ambiri alikambapo kale. Buku longotuluka kumene, lomasuliridwa kuchokera ku chilankhulo china, losindikizidwa ndi kampani yaing'ono, kapena nkhani zifupizifupi za m'magazini, zonsezi zilibe nyenyezi zokwanira zoti makina azione. Pofika mwezi wachisanu ndi chimodzi ndinazindikira kuti ndikuwerenga mabuku abwino, inde, koma ofanana ngati ana a bere limodzi. Palibe lomwe linandikhumudwitsa kwambiri, komanso palibe lomwe linandidzidzimutsa. Kwa munthu amene anayamba kukonda nkhani zoterezi pofuna kudabwa, chimenecho si chinthu chaching'ono.

Ndiye ndinabwerera ku mindandanda yopangidwa ndi anthu. Mphotho ya Hugo, ya nkhani za science fiction ndi fantasy, inayamba kuperekedwa mu 1953 ndipo amavota ndi owerenga omwe ndi mamembala a msonkhano wa pachaka wa okonda nkhani zoterezi, wotchedwa Worldcon. Ya Nebula inayamba mu 1966, amavota ndi olemba anzawo. Ya Nommo, ya olemba a mu Africa, inayamba mu 2017. Sindiyang'ana opambana okha ayi, ndimayang'ana onse omwe anafika kumapeto kwa mpikisano, makamaka m'zigawo za nkhani zazifupi komwe maina atsopano amayambira kuonekera. Ndikawerenga limodzi n'kulikonda, ndimalilowetsa mu The StoryGraph, ndipo pamenepo ndi pomwe imachita zodabwitsa: ukaisonyeza njira yatsopano imakupezera ena asanu oyenda njira yomweyo. Kuitsegula njirayo yokha ndiye siitha.

Mauthenga a sitolo ija ndinawatseka. The StoryGraph ndimaitsegula ndikamaliza buku lililonse. Chatbot ndimaifunsa mwina kawiri pamwezi, pamene ndikufuna chinthu chovuta kuchitchula dzina, ndipo ISFDB imakhala yotsegula pambali. Buku lomwe lili pamutu pa bedi langa pano ndinalipeza pa mndandanda wa Nommo, ndipo pa miyezi 9 yonseyi palibe pulogalamu yomwe inalitchulapo.