Nissan X-Trail T31 m'misewu ya Thyolo: imakoka, bola giyabokosi yake isamalidwe

Pa msewu wa katondo wa m'minda ya tiyi, mvula itagwa usiku wonse, X-Trail ya injini ya malita 2.0 imadutsa pomwe galimoto zokoka ndi matayala akutsogolo okha zimangopalasa matope. Ndikuipatsa nyenyezi 4 mwa 5.

Pafupi ndi giya pali kachotembenuza kolembedwa 2WD, AUTO ndi LOCK. Patara ikani 2WD (kukoka ndi matayala akutsogolo okha), m'fumbi ndi pamvula AUTO (imatumiza yokha mphamvu kumbuyo pakafunika). LOCK ndi ya potitimira ndi pachitunda choterera. Pa LOCK mphamvu imagawika pafupifupi theka kutsogolo, theka kumbuyo, ndipo mukapitirira makilomita pafupifupi 40 pa ola imabwerera yokha ku AUTO. Giya yaing'ono ya Land Cruiser ija ilibe, ndiye musaitume ntchito ya thirakitala.

Nyenyezi yachisanu yathera pa giyabokosi. Ndi CVT: m'kati muli lamba wachitsulo woyenda pa ma pulley awiri, ndipo amadana ndi kutentha komanso oyilo wolakwika. Oyilo wake ndi NS-2, wobiriwira. Amakaniko ena amathira ATF, oyilo wofiira uja wa giyabokosi wamba za otomatiki, ati oyilo ndi oyilo basi. Lamba amayamba kuterereka, galimoto imanjenjemera ponyamuka, kenako kulira ngati mluzu pokwera ku Bvumbwe mutanyamula matumba. Posintha oyilo, mukamasula nati yapansi pamatuluka malita 4 kapena 5. Yezani amene watulukayo, mubwezere watsopano wochuluka chimodzimodzi. Akatuluka wakuda, wonunkha chopserera, tsegulani pani yapansi, musinthe sefa, mupukutenso timaginito. Poti kuno ndi zitunda zokhazokha, ine ndingati makilomita 40,000 asapitirire musanasinthe oyilo.

Zomwe ambiri amaiwala ndi transfer case (kabokosi kotumiza mphamvu kumbuyo) ndi difu yakumbuyo (yogawira mphamvuyo matayala awiri akumbuyo). Zonse zimamwa oyilo wa 80W-90 GL-5, lita imodzi ikwanira ziwirizo. Yambani mwamasula nati yothirira, yokhetsera pambuyo, kuopa kukhetsa oyilo kenako n'kupeza yothirira yakana. Oyilo akaoneka ngati tiyi wamkaka, mwalowa madzi powoloka mtsinje.

Matayala anayi onse akhale a saizi imodzi, otha mofanana. Kugula limodzilimodzi pakaunjika kumasokoneza makina ogawa mphamvu. Kanyali ka 4WD kakamaphethira pang'onopang'ono, matayala asiyana. Kakamaphethira mofulumira, makinawo atentha, imani azizire.

Giya ikakana kuchoka pa P, musaikoke mwamphamvu. Uzani wina aone ngati magetsi a mabuleki akuyaka mukaponda. Akapanda kuyaka, ndi fyuzi kapena kaswichi ka pa buleki, ndipo kabatani komasulira giya ka shift lock, kamene kali pafupi ndi giyayo, kakutulutsani. Poimika pamtsetse, handibuleki ndiyo iyambe, P pambuyo. Galimoto ikafa panjira, ikwezedwe yonse pa lole, osati kukokedwa matayala awiri ali pansi.