Gulu lathu la malonda pa WhatsApp: ndikadalimo, koma K60,000 yanga inapita

Ndatha miyezi isanu ndi iwiri m'gulu lina logula ndi kugulitsa la kuno ku Mzuzu. Ndagulamo matilesi ndi mbaula ya gasi, ndagulitsamo njinga ya bambo a kunyumba. Malamulo ake ndimawayamikira. Wogulitsa aliyense amayamba watumiza chiphaso cha unzika kwa ma admin, ndipo dzina la pachiphasocho liyenera kufanana ndi la pa Airtel Money kapena Mpamba. Chithunzi cha katundu chimajambulidwa pamodzi ndi kapepala kolembapo tsiku. Lamulo lalikulu ndi lakuti ndalama isatuluke katundu musanamugwire, ndipo muzikumana poyera. Matilesi aja tinakumanirana pa Shoprite masana dzuwa likuswa mtengo, ndinawagwiragwira, kenako wakabaza anawafikitsa kwathu ku Chibavi.

Vuto linabwera pa filiji. Nditafunsa m'gulumo, munthu wina sanandiyankhe pagulu, anandilondola ku inbox. Anati ali ku Songwe, katundu wangowoloka kuchokera ku Tanzania, galimoto ikunyamuka madzulo omwewo, ndingotumiza ya transipoti yokha. Ankalankhula mwaulemu, “amayi” pa chiganizo chilichonse. Dzina lomwe linatuluka potumiza silinali lomwe anandiuza. Ndinaliona, iye anati ndi nambala ya mkazi wake, ine ndinalemba PIN. Kutacha, foni yake inali yosapezeka.

Lamulo ndinkalidziwa ndipo ndinaliphwanya ndekha chifukwa mtengo unali wotsika kwambiri. Pamenepo sindiloza chala munthu. Admin sangakhale pambali panga usiku ndili ndi foni m'manja. Ngakhale lamulo la 2016 lokhudza milandu ya pa intaneti limagwira ntchito ndalama itapita kale.

Chomwe chinandipweteka ndi yankho la ma admin nditawauza. Anangolemba kuti aliyense azidzisamalira yekha, nkhani yathera pomwepo. Ayi, a admin, pamenepo mwathawa udindo. Munthuyo nambala yanga anaitenga m'gulu lanu, anali membala wongowerenga amene chiphaso simunamufunse chifukwa sankaika malonda. Pambuyo pake ndinamva kuti mayi wina wa ku Luwinga anaberedwa ndi nambala yomweyo masabata awiri m'mbuyomo, ndipo anadandaula kwa inu. Mukanaiika poyera tsiku lomwelo, ine ndikanaizindikira. Kumuchotsa mwakachetechete wakuba n'kumulola kuti alowenso ndi SIM ina mawa lake.

Kodi ndingalimbikitse ena kulowamo? Inde, makamaka ofuna katundu wamkulu yemwe ku msika wa Taifa simungamupeze pa mtengo umenewo. Ogulitsa odziwika ndi okhulupirika, ndipo mikangano ya mitengo ma admin amaithetsa msanga. Koma ndikupempha kuti pakhale mndandanda wa manambala onse omwe anthu adandaula nawo, uzikhala pamwamba pa gulu, ndipo chiphaso azifunsidwa aliyense wolowa, wogula ndi wogulitsa yemwe. Nkhani yanga ndinakaisiya kupolisi, ndipo nambalayo ndaitumizanso kwa ma admin kachitatu dzulo.